Tisheti Yachikasu M'galasi la Ometa

Apolisi anabwera kudzamutenga Chete Lachiwiri cha m'ma 2 koloko masana, ine ndili ndi mapini atatu m'kamwa, ndikupinda siketi ya kasitomala. Anadutsa naye pakhomo penipeni pa shopu yanga, manja ali kumbuyo, atavala tisheti yake yachikasu ija. Sanakane, sanakuwe, sanayang'ane munthu. Dzina lakuti Chete sitinamupatse mwangozi.

Msewu wonse unatuluka kudzaonerera. Wokonza mafoni, wogulitsa zitsulo, amayi a mu saluni pamodzi ndi makasitomala awo mitu yoluka theka, onse mawu anali amodzi: "Tinanena ife." Ine ndinalavula mapini aja ndi mkwiyo. Anthu a mumsewu wathu akamati tinanena, dziwani kuti sananene kanthu, ankangodikira tsiku.

Chete ndi mlongo wawo wa Anesi, amene amakhala nyumba ya kuseri kwa shopu yanga. Anakhala kundende zaka ziwiri chifukwa chosungira anzake mafoni akuba, ndipo pomutulutsa anamuuza mosabisa kuti akadzangobweranso, zidzakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Atatuluka, palibe amene anafuna kumulemba ntchito, ngakhale yosesa. Ndiye Anesi, mutu wouma ngati mayi awo, anagula makina odindira matisheti, kompyuta yakale ndi pulinta, n'kuziika m'kachipinda kamene amuna awo ankakhalamo Lamlungu pomvera mpira pa wailesi. Anesi akaweruka kuchipatala ankajambula zoti zidindidwe, Chete n'kumadinda masana. Anayamba ndi matisheti a timu ya amayi, kenako a ukwati, kenako a sukulu ya mkaka. M'miyezi itatu, mnyamata amene ankayenda moyang'ana pansi anayamba kundipatsa moni asanafike n'komwe pakhomo.

Tisheti yachikasuyo Anesi anamupangira tsiku lotsegulira bizinesi. Pachifuwa panali mawu amodzi abuluu, akuluakulu: NDAYAMBANSO. Inali imodzi yokha m'dera lonse, ndipo Chete ankaichapa madzulo n'kuivalanso m'mawa. Ngakhale wakhungu akanadziwa mwini wake.

*

Lachitatu m'mawa ndinatseka shopu n'kupita kupolisi. A Sajeni ndi kasitomala wanga wakale. Masiketi awo a yunifolomu ndimawakulitsa chaka ndi chaka, ndipo sindinauzepo munthu. Chifukwa cha chinsinsi chimenechi amandipatsa mpando.

"Atelala, musadzivutitse," anatero asanandiyankhe n'komwe moni. "Mlandu uwu unatha usanayambe. Dzulo hafu 12, Ojambula zithunzi aja anali pampando wometera kwa Ometa, thovu lili kumaso. Ometa atatulukako pang'ono, munthu analowa n'kunyamula chikwama cha kamera chimene chinali pa msomali. Ojambula anaona tisheti, anawerenga mawu. Tapita kunyumba, kamera taipeza m'katoni ya matisheti osadinda, m'chipinda chimene mnyamatayo amagwirira ntchito. Mukufunanso chiyani, kalata yosaina?"

"Anakutsegulirani ndani?"

"Alamu ake. Tinawaimbira kuntchito, anabwera akuthamanga, tayi ili paphewa. Bambo aja andimvetsa chisoni. Akuti, ndinamulandira ngati mwana wanga."

Amuna a Anesi timawatcha a Tayi. Amagulitsa mipando m'sitolo yaikulu ya pamphambano, ndipo ngakhale kutenthe bwanji, malaya oyera ndi tayi sazisiya.

"Kukhoti liti?" ndinafunsa.

"Mawa m'mawa. Muli ndi mphindi zisanu ngati mukufuna kumuona, ndipo siketi yanga ya buluu muikumbukire."

Chete anamutulutsira pa benchi ya m'khonde. Tisheti anali atamulanda ngati umboni, atamupatsa malaya ong'ambika a munthu wina.

"Unali kuti hafu 12?" ndinamufunsa.

"Kokagula matisheti osadinda, amayi. Ndinapeza atseka, apita kukadya. Ndinadikira panja mpaka 1 koloko, n'kubwerako."

"Anakuona ndani?"

"Palibe."

"Unavala chiyani?"

Anandiyang'ana ngati ndikumuseka. "Mukudziwa, amayi."

"Kamera unatenga?"

"Ayi."

"Ndiye ukungokhala phee bwanji? Lankhula, iwe! Ndi zaka zisanu ndi ziwiri izi!"

"Ndinalankhula ulendo woyamba uja, amayi. Sizinathandize." Anayang'ana zala zake, zimene zinali ndi inki m'zikhadabo. "Mukawauze asisi kuti matisheti a sukulu ya mkaka akufunika Lachisanu. Makina atenthe kaye mpaka nyale ifiire. Akatseka, awerenge mpaka makumi awiri. Asatsegule msanga ngati tsiku loyamba lija, inki siigwira."

Ndinatuluka mtima ukundiwawa. Munthu akupita kundende, nkhawa yake ili pa matisheti a ana a eni.

*

Ometa ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba ndi kukuuza kumene anagula wotchi.

"Eee, Atelala, lowani, lowani! Nkhani imeneyo yandidwalitsa mutu. Ine zaka khumi ndi zinayi pano, sichinasowepo ngakhale chipeso. Chipeso! Chabwino, chinasowapo chimodzi, koma anali mlamu wanga, ndipo anabweza. Ndiye dzulo Ojambula abwera, akuti ndevu zokha, ali ndi ukwati Loweruka. Ndawakhazika, ndawamanga nsalu m'khosi, ndapaka thovu, ndatsegula kabati, malezala atha! Ine malezala sindibwereza, mukudziwa, matenda achuluka. Ndiye ndati, bwana, mphindi ziwiri, ndithamange patsidyapa."

"Munakhalako mphindi zingati?"

"Ziwiri. Chabwino, zisanu. Mtsikana wa pasitolo paja amachedwa kupereka chenji, komanso anandifunsa za..."

"Pobwera munaona chiyani?"

"Msana wachikasu ukukhota kulowa m'kanjira ka kuseri. Msana wokha basi. Ndalowa muno, Ojambula akulimbana ndi nsalu, thovu mpaka m'makutu, akukuwa ngati ndawadula."

Kanjira kameneko kamadutsa kuseri kwa mashopu onse, kuyambira ku sitolo ya mipando mpaka ku nyumba ya Anesi. Masana simudutsa munthu chifukwa cha fungo la ngalande.

"Ndani ankadziwa kuti Ojambula ali muno?"

"Aaa, msewu wonse! Lachiwiri lililonse hafu 12, chikwama pa msomali womwewo. Munthu uja ndi wotchi."

Ndinayang'ana galasi. Ndi lalitali ndithu, koma theka lakumwamba Ometa anamatapo zithunzi za mitundu ya mametedwe, zina zakale kwambiri moti anyamata ake pano ndi agogo. Wokhala pampando amaona nkhope yake ndi chitseko kumbuyo kwake, koma munthu woimirira pachitsekopo amaoneka kuyambira m'khosi kutsika.

Tili pomwepo Ojambula anatulukira, atabwera kudzamaliza ndevu zimene zinatsala dzulo. Tsaya lina linali losalala, lina lili ndi chiputu.

"Mayi, ndanena kale kupolisi, ndipo ine sindibwereza mawu," anatero, koma anabwereza. "Maso anga ndiye ntchito yanga. Ine ndimaona chingwe cha nsapato chomasuka pa mzere wachitatu wa chithunzi cha anthu makumi asanu. Munthu analowa. Nkhope sindinaione chifukwa cha zinyalala zimene bambo awa anamata pagalasi. Koma ndinaona tisheti yachikasu, mawu abuluu."

"Munatembenuka kuti mumuone?"

"Ndi nsalu yomangidwa ngati mbuzi? Ndinaona m'galasi."

"Mawuwo munawawerenga, kapena munangodziwa tishetiyo?"

Anakwiya. "Ndinawerenga, mayi! Kuyambira kumanzere mpaka kumanja, mosavuta ngati chikwangwani cha pamsewu. NDAYAMBANSO. Ndinaganiza kuti, wayambanso zoona. Komanso inki yake inali yotuwa m'mbali, ntchito yosalongosoka. Ine zimenezo ndimaona."

Pamenepo ndinaima. Tisheti ya Chete ndinaiona tsiku lililonse kwa miyezi itatu, ndipo inki yake inali yowala ngati yadzulo.

Miyendo inali itatopa, ndiye ndinadzigwetsa pampando wometerawo kuti ndiganize. M'galasi ndinaona nkhope yanga yokwinyika, chitseko chotsegula, msewu, ndi patsidya chikwangwani cha shopu yanga chimene ndinalipira ndalama zambiri kuti achilembe bwino. Ndinachiyang'ana kanthawi. Kenako ndinadzuka msangamsanga moti mpando unalira.

"Bambo, takhalani apa," ndinauza Ojambula.

"Ine ndilibe nthawi yo..."

"Khalani! Tsopano, ndi maso anu otchukawo, tawerengani chikwangwani changa chili patsidyacho. M'galasi, osatembenuka."

Anatsinzina diso limodzi, napendeketsa mutu. "Chatembenuka. Zilembo zikuyang'ana kumbuyo. Galasi limatero, mwana aliyense amadziwa."

"Ndiye tisheti ya dzulo munaiwerenga bwanji mosavuta?"

Ojambula anasuzumiranso m'galasi, nayesanso kuwerenga chikwangwanicho chilembo chimodzichimodzi.

*

Ine ndakhala ndi galasi m'shopu moyo wanga wonse, koma zinatengera mpando wa Ometa kuti ndione chinthu chapafupi chotero. Mawu akawerengeka bwino m'galasi, ndiye kuti pa nsalupo ndi otembenuka. Tisheti ya Chete mawu ake ndi olunjika. Wakuba uja anavala tisheti ina, yofanana nayo koma yodindidwa chobwerera, ndipo malo odindira tisheti yotero m'dera lathu ndi amodzi okha.

Ndinadutsa m'kanjira ka kuseri nditagwira mphuno. Anesi sanapite kuntchito. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada pa beseni, akuchapa. Fungo la mankhwala oyeretsera zovala linandilandira ndili patali. Atandiona anakankhira chovala chimene ankachapacho pansi pa thovu.

"Mwamuona?" anafunsa. Maso anali otupa.

"Ndamuona. Akuti makina atenthe mpaka nyale ifiire, ndipo musatsegule msanga ngati tsiku loyamba lija. Tsiku loyamba kunachitika chiyani, mwanangu?"

Anaseka pang'ono, kuseka kokhala ndi misozi. "Manyazi okhaokha, amayi. Ndinkafuna kumudabwitsa ndi tisheti yake. Pa ntchito iyi, mawu umawatembenuza kaye pa kompyuta usanawatulutse pa pepala, chifukwa pepalalo umaligoneka chafufumimba pa nsalu. Ine ndi chimwemwe ndinaiwala. Komanso ndinatsegula makina msanga, mtima uli m'mwamba. Titamatula pepala, mawu onse chobwerera, inki yonyowa. Chete anaseka mpaka kukhala pansi. Kanali koyamba kumumva akuseka chitulukireni."

"Ndiye munapanga ina."

"Tinapanga ina, yabwino ija. Yolakwikayo ndinati nditaye, iye anakana. Akuti ikhale yotikumbutsa. Anaipinda n'kuiika pa shelefu ya pamwamba."

"Tiyeni tikaione."

Sanadzuke msanga. Anapukuta manja pa chovala chawo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti zala zinali zofiira, zosupuka.

Kachipindako kanali mmene Chete anakasiyira. Makina anali pa tebulo pakamwa pali yasa, matisheti ang'onoang'ono a ana atasanjidwa m'milu, ndipo pakona panali mpando wa a Tayi, wailesi yawo itaikidwa pansi pake, pamwamba pataunjikidwa makatoni. Anesi anakwera pa sitepe, napapasa shelefu ya pamwamba. Anapapasanso. Anatsika opanda kanthu, ndipo sanadabwe. Chimenecho n'chimene chinandiopsa.

"Makiyi a chipinda chino ali ndi ndani?"

"Ine, Chete..." Anaima.

"Ndi ndani?"

"Amayi, mwina anaitaya yekha. Mwina anapatsa munthu."

"Chete angataye chinthu chimene munamupangira inu? Mwanangu, ine ndakhala ndikuchapa zovala zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala ndi moyo. Palibe malaya amene amafuna mankhwala onse aja. Mukuchapa chiyani chosachoka?"

Anandiyang'ana ngati mwana wogwidwa. Kenako anatuluka, ine pambuyo. Anagwada pa beseni, napisa manja m'thovu, natulutsa malaya oyera a amuna awo, a manja aatali, amene anavala dzulo. Anawatembenuza mkati kunja n'kuwatambasula.

Mkati mwa malayawo, pachifuwa, munali zilembo zabuluu. Mankhwala anali atazifufutako, koma zinkawerengeka bwinobwino, zolunjika, theka mbali ya mabatani, theka mbali ya mabowo. Munthu anavala malaya oyerawo pamwamba pa tisheti ya inki yosagwira, akutuluka thukuta ndi kuthamanga, ndipo tishetiyo inamudinda.

"Ndawapeza m'mawa m'dengu," anatero Anesi ndi mawu otsika. "Ndachapa kanayi. Sindikudziwa chimene ndikuchita, amayi. Ndikati ndiwatengere kupolisi, ndi bambo a ana anga. Ndikati ndipitirize kuchapa, ndi mlongo wanga. Mayi athu pomwalira anandigwira dzanja ili, akuti usamutaye. Ndiuzeni inuyo, ndichite chiyani?"

Ine pakamwa panga sipasowa mawu, msewu wonse ungachitire umboni. Koma apa ndinangokhala pa chidebe chogadabuza, n'kuwagwira dzanja losupukalo.

"Sindikuuzani," ndinatero. "Koma za galasi ndikanena, chifukwa ndaziona ndi maso anga. Malayawa ndi anu. Amuna anu amaweruka nthawi yanji?"

"Faifi."

"Ana?"

"Ndawatumiza kwa azakhali awo."

"Ndiye tidikire."

*

A Tayi anafika dzuwa likadalipo, atanyamula kathumba ka malalanje. Anandipatsa moni waulemu monga mwa masiku onse. Kenako anaona malaya aja atayanikidwa pa chingwe mkati kunja, zilembo zikuyang'ana pakhomo, ndipo kathumba kanawapulumuka. Malalanje anagubuduka mpaka m'ngalande.

"Bambo," anatero Anesi, "tisheti ili kuti?"

"Tisheti yanji? Ine dzulo ndinali kuntchito, akafunse aliyense."

"Nthawi ya nkhomaliro munali kuti, bambo?" ndinalowererapo. "Kuchokera ku sitolo kwanu kudzera m'kanjira, kwa Ometa ndi mphindi zitatu, kuno ziwiri. Munatenga tisheti pa shelefu, munaivala, munanyamula kamera, munadzaibisa m'katoni, n'kuvala malaya anu pamwamba. Chimene simunadziwe n'chakuti tisheti imeneyo ndi yolakwika. Mawu ake ndi otembenuka."

"Bodza!" anatero mokweza. "Ndinaiyang'ana ndekha pagalasi la m'bafa, inali bwinobwi..."

Anaima choncho, dzanja lili m'mwamba, kenako anakhala pansi pa sitepe ya pakhomo. Sindinasangalale. Ndimaganiza kuti ndikadzagwira wakuba ndidzamva kukoma, koma amene anali patsogolo panga anali bambo wa imvi zoyamba kumene, amene zaka khumi wakhala akundinyamulira makina osokera mvula ikayamba.

"Chifukwa chiyani, bambo?" Anesi anafunsa. Sanakuwe. Kukuwa kukanakhala bwino.

"Kamera sindinkaifuna," anatero a Tayi, akuyang'ana nsapato zawo. "Ndinkadziwa kuti aipeza, abweza kwa mwini wake. Ndinkangofuna nyumba yanga."

"Nyumba yanu inapita kuti?"

"Funsani mpando wanga uli pansi pa makatoni. Miyezi itatu, mayi. Mukaweruka, molunjika m'kachipinda. Ndikumva mukuseka awiri, ine ndili pabalaza ndi mbale yozizira. Kuntchito anzanga akuti, bwanji mkaidi wanu uja, mipando ya kunyumba ikadalipo? Ndimaseka nawo. Ana anga akuti amalume atipangira ichi, amalume atiphunzitsa icho. Ine ndagulitsa mipando zaka khumi ndi zisanu, palibe mwana anati abambo apanga chiyani lero."

"Ndiye zaka zisanu ndi ziwiri? Munthu wosalakwa?"

"Sindinaganize mpaka kumeneko. Ndinkati amuopseza, achoke, akakhale kwina." Anapukuta kumaso ndi tayi. "Lamlungu ndinalowa muja kukafuna wailesi yanga. Ndapapasa pa shelefu, ndapeza tisheti yachikasu yopindidwa bwino. Ndinati, mpaka ziwiri. Amayi a mpira munawadindira, ana a eni mukuwadindira, mlamu ziwiri. Ine ngakhale imodzi."

"Munandipemphapo?"

"Mwamuna azipempha tisheti m'nyumba mwake?"

Kunena zoona, ndinafuna kuwamenya ndi chidebe chimene ndinakhalira, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kulira. Munthu wamkulu, wa tayi, kugwetsa nyumba yonse chifukwa chosowa pakamwa ponenera kuti ndasungulumwa. Chete weniweni m'nyumba muja sanali amene tinamupatsa dzinalo.

Anesi anaimirira. Anapita pa chingwe, nachotsa zopanira chimodzichimodzi, napinda malaya onyowawo mosamala monga amapindira zovala za amuna awo masiku onse, manja mkati, kolala pamwamba. Anawaika m'pepala la pulasitiki.

"Ndakulakwirani, bambo," anatero. "Sindinakuoneni, ndipo zimenezo ndidzazisenza ndekha. Koma mlongo wanga sagonanso kumene kuja chifukwa cha inu. Ndikupita. Mukhoza kutsala, mukhoza kuthawa, sindikugwirani."

Anafika mpaka pa geti. Ine ndinali nditadzuka kale kuti ndiwaperekeze.

"Mayi," anaitana a Tayi. Anali atamasula tayi, koyamba chiwadziwireni, n'kuiika pa sitepe. "Tisheti ili m'kabati yanga kuntchito. Tidzere konko. Bweretsani pepalalo, ndinyamule ndine."

*

A Sajeni anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Anatenga tisheti yolakwika ija, napita nayo pa galasi laling'ono la pakhoma pamene amakonzera chipewa, naiyang'ana nthawi yaitali. "Atelala," anatero, "inu mudzandichotsetsa ntchito." Koma sanaseke.

Chete anamutulutsa dzuwa likulowa, atamubwezera tisheti yake. M'khonde anakumana ndi alamu ake atakhala pa benchi yomwe ija, akuvula lamba ndi zingwe za nsapato. Chete anaima pang'ono, nawayang'ana, n'kupitirira.

Tinabwerera kwathu atatu. Anthu a mumsewu wathu anatulukanso, ndipo ndinamva wina akuti, "Ife tinadziwa kuti si iyeyu." Ndinamuyang'ana mpaka analowa m'shopu mwake.

Kunyumba Anesi anateleka madzi a tiyi chifukwa manja ankafuna chochita. Anatulutsa makapu anayi, n'kuima, n'kubweza imodzi m'kabati. Pamenepo m'pamene analira zenizeni, atatsamira chitseko cha kabatiyo. Ine ndinawasiya alire.

Chete analowa m'kachipinda. Ndinamva akusuntha makatoni, ndipo nditasuzumira ndinaona wachotsa zonse pa mpando wa alamu ake, waupukuta, wailesi waiika pamwamba. Kenako anapita pabalaza pamene amagona, natenga bulangete lake lokhuthala, nalipinda, n'kulikwapatira.

"Ukupita kuti?" anafunsa Anesi. "Wangofika kumene."

"Kupolisi amasiya kulandira katundu ikakwana 7, asisi."

"Iwe Chete, munthu amene anafuna kuti uwole m'ndende?"

Anaima pakhomo, bulangete lili m'khwapa, mawu abuluu aja ali pachifuwa.

"Pansi pamazizira kumene kuja," anatero. "Iwo sakudziwa. Ine ndikudziwa."